Dothi pakati pa zala

Ku yunivesidade, ku Chimoio, anatiphunzitsa kumva dothi ndi zala. Pulofesolo wathu wa za nthaka, bambo wamfupi wosaseka, ankatitengera kumunda wa sukulu dzuwa lili paliwombo. Unkatapa dothi pang'ono, kulinyowetsa, kulifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kenako n'kunena ngati ndi lamchenga, makande kapena katondo. Ukayamba ndi mawu akuti "ndikuganiza", ankakudula pakamwa. Ankati zala zilibe maganizo.

Phunzirolo ndinalikonda chifukwa silinkafuna Chipwitikizi chambiri. Anzanga a m'chipinda, ana a ku Beira, ankaseka lilime langa la kumapiri, koma thumba la kachewere ndi nyemba lochokera kwa amayi likangofika pa minibasi, yomwe kuno timati shapa, chipongwe chonse chinkathera mumphika. Ndinali woyamba m'mudzi mwathu, kuseri kwa Lifidzi, kufika kumeneko, ndipo mudzi wonse unkandigwira ngati dzira.

Chaka chomaliza thumba silinabwere. Ndinali kukonzekera defeza, tsiku lomwe umaima pamaso pa aphunzitsi kuteteza kafukufuku wako. Ndikaimba foni ya amalume, yomwe inali yokhayo m'mudzimo, ankati, "Mayi ako ali kudimba. Iwe werenga." Ndikaimbanso, ankati apita kuchigayo. Sindinadabwe. Amayi anga sankakhala pansi.

Ndinakhoza, anzanga mpaka anandinyamula m'mwamba.

Nditatsika shapa ku Ulongwe ndinapeza azakhali akundidikira, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anandilandira chikwama. Njira yonse ankangokamba za mvula, kuti yachedwa, kuti nyemba zapserera. Titayandikira mudzi sanakhotere kunyumba, anakhotera kumsitu wa kumanda. Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa.

Kwathu, wobwera maliro ataikidwa kale ndiye amayambitsa kulira, ena n'kumulandira. Amayi a m'mudzi anali atasonkhana kumbuyo kwanga, kudikira mawu anga. Pamtumbira panali patamera kale timaudzu. Ndinagwada, ndinadikira kuti chinachake chikwere pakhosi, koma kunali zii. Ndinangozindikira dzanja langa litatapa dothi, zala zikufikisa. Katondo, mchenga pang'ono, losunga madzi. Zomwe zinabwera m'mutu mwanga ndi zomwezo basi. Azakhali ataona kuti nthawi ikupita anayamba kulira okha, enawo n'kuwalandira.

"Tinachitira iwe wemwe," anatero amalume titafika kunyumba. "Ukanabwera, zaka zonse zija zikanalowa m'madzi. Mayi akonso sakanalola."

Ndinawathokoza. Sindinakwiye, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati analakwa.

Ntchito ndinaipeza konkuno, yolangiza alimi. Amanditchula kuti a enjenyera. Ndimayenda m'minda pa njinga yamoto, ndipo zomwe anandiphunzitsa bambo wamfupi uja sizinandigwiritsepo mwala. Pamaliro ndimafika msanga, ndimatunga madzi, ndimaphika, ndimakhala m'siwa pakati pa amayi anzanga nditafunda chitenje cha kapulana, maso ali gwa. Ndimadziwa zomwe amanena ndikatuluka, zoti sukulu inandiumitsa mtima. Sindiwatsutsa. Ndakhala ndikudikira misozi ija ngati munthu wodikira shapa pamsewu womwe anautseka.

Mwezi wathawu abambo anatisiya. Mwana wanga wamkazi, amene anakulira pamiyendo pawo, ali ku yunivesidade ku Beira, ndipo inali sabata ya mayeso. Amalume, omwe tsopano amayendera ndodo, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanayu tisamuuze kaye, alembe. Iwe tinakuchitira chimodzimodzi, nanga si uyu lero uli pantchito?"

"Ndamva, amalume."

Ndinapita kumunda kwa abambo, ndinakwera pachulu pomwe foni imagwira bwino, n'kuimba.

"Amama, agogo adzuka bwanji?"

"Agogo ako amwalira m'mawa uno. Tiika mkuja. Ukanyamuka lero uwapeza."

Anakuwa. Kunali kulira kwenikweni, kochokera m'mimba, kosachita manyazi ndi anzake a m'chipinda omwe ndinkawamva akumugwira. Ankaitana agogo ake, ankaitana ine, n'kuyambiranso. Ndinkadziwa kuti mwina mayesowo adzalemba chaka chamawa, komanso kuti amalume sadzandilankhula kwa kanthawi. Sindinamutonthoze. Ndinangogwira foni kukhutu n'kumamvetsera, ndipo chomwe ndinamva mumtima mwanga, kunena zoona, chinali nsanje.

Atatopa anafunsa ndi mawu osasa, "Amama, mulipo?"

Ndinati ndilipo. Dzanja linalo linali litatapa kale dothi la pachulu.