Chaka chimene amai analinda anyani

Kwathu ku Mwape, ukalima chimanga umalimila ndi anyani omwe. Chikangobeleka n'kuyamba kumela ndevu, iwo anali kutsika m'phili ngati kuti ndiwo anagwila khasu. Tsono kuyambila nthawi imeneyo mpaka pokolola, munda uliwonse unali kufuna mlonda wa tsiku lathunthu, wokuwa ndi kuponya miyala kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ntchitoyi inali ya ana. Pakhomo pathu mwana wa msinkhu umenewo ndinali ine ndekha. Mlongo wanga anali akali kuyamwa, ndipo atate anali ku migodi.

Chovuta chinali chakuti chaka chomwecho ndinali nditapeza malo mu Geledi 5. Ufulu unali utangobwela kumene, aliyense anafuna kuti mwana wake aphunzile, koma malo a makalasi apamwamba anali ochepa. Ife amene tinasankhidwa tinali kupita kusukulu yakutali, ya njelwa zimene makolo anaumba okha. Ahedi anatiuza poyela tsiku loyamba kuti amene ajombe sabata yathunthu, dzina lake lifufutidwa m'kaundula ndipo desiki lake atenga wina. Sanali kuopseza chabe ayi. Ana odikila malo analipo ambili.

Amalume, alongo awo a amai, ndiwo anali mwini mbumba. Anabwela Lamulungu lina masana, nakhala pampando wa atate.

"Mlongo wanga, mwanayu asiye kaye sukulu, akalinde munda," anatelo amalume. "Pepala silidyedwa."

"Ndilinda ndine, achimwene," anayankha amai.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe? Nanga kusinja, kutunga madzi, kuphika, kuchapa, ndi mwana kumbuyoku? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndiponso waiwala kuti nyani saopa mkazi?"

"Ndilekeni ndiyese."

"Yesa. Koma tsiku limene anyani alowe m'mundamo, mtsikanayu akhala pamsasa, ndipo sindidzafunanso kumva za sukulu."

M'mawa mwake amai anasamutsa khomo lonse. Mtondo unapita pamutu, munsi m'manja, mwana kumbuyo. Ine ndinatsatila ndi lichelo ndi miphika. Pofika madzulo, pamsasa wa kumunda panali mafuwa, mtsuko, thandala loyanikila ndiwo, ngakhale nkhuku yathu ya anapiye inali pomwepo. Kunyumba tinali kungopita kukagona.

Kenaka anapota chingwe cha khonje, chachitali kwambili, nachiyendetsa pa mitengo ya mphanda m'mbali monse mwa munda kumene kunayang'ana phili. Pachingwepo anapachika zitini zakale, m'kati mwake muli timiyala. Nsonga ya chingwe anaimanga kumunsi. Akakweza munsi, zitini kutali uko zinali kulila, akatsitsa, zililanso. Choncho posinja mphale yathu anali akulindanso munda. Ine ndinaima kukamwa kuli yasa. Koma anyani si zitsilu. Patapita masiku atatu anazolowela, ndipo anali kukhala pamwala n'kumamvetsela ngati akumva ng'oma ya kuukwati. Amai atawaona anangoti, "Ohoo, mwafika pondimvela nyimbo?" Anamasula chingwe kumunsi, nachimanga pakakolo pa mwendo wawo wamanja. Kuyambila pamenepo zitini zinali kukhala chete mpaka nyani afike pafupi, ndiye amai angokoka mwendo kamodzi, gwedee! gulu lonse phili thelethele.

Za kuti nyani saopa mkazi, amalume sananame. Akaona chitenje anali kubwela mosatekeseka, n'kuthyola chimanga akukuyang'ana m'maso. Amai anatsegula bokosi la atate, natulutsa buluku lakale ndi chisoti. Pa nthawi imeneyo mkazi kuvala buluku inali nkhani yofika nayo kwa akulu a mpingo. Amai anali kulivala m'kati mwa chimanga, munthu osawaona, n'kulivulanso pobwelela kumudzi. Pokuwa anali kukulitsa mawu ngati mwamuna. Ine ndinaseka tsiku loyamba mpaka kugwa pansi, koma anyani sanaseke.

Masiku ano mwana wanga akapana foni ndi phewa uku akutakasa ndiwo, amafuna kuti timuombele m'manja. Asa! Akanaona ambuye ake, amai anga, Loweluka lililonse, pamene ine ndinali kuswela nawo kumunda. Manja akusinja, mwendo uli pachingwe, maso ali kuphili, mwana akugwedezeka kumbuyo mpaka kugona ndi kusinja komweko. Pamoto pali mphika wa masamba a maungu, chibwabwa chofutsa, ndipo utsi wa moto womwewo ukuuza anyani kuti pamunda pali anthu. Madzi otsukila mphale sanali kutayidwa, anali kukathilila matimati kuseli kwa msasa. Akapeta, gaga anali kugwela pomwe pali anapiye. Ndiye pakamwa napo osapuma: "Tandiuza, lelo munaphunzila chiyani?" Iwo sanadziwe kuwelenga ngakhale dzina lawo, koma ukalumpha mzele wa ndakatulo anali kumva ndi khutu kuti penapake padumphidwa. "Bwelela, apo wameza mawu." Sindinaonepo munthu wina wotelo mpaka lelo, ndipo ndakumana ndi anthu ambili.

Chimene chinandizizwitsa koposa ndi ichi. Amai anati anyani amawelenga anthu. Akaona awili alowa m'munda, wina n'kutuluka, amadziwa kuti watsala mmodzi. Choncho m'mawa uliwonse tinali kulowa tonse poonekela, ine nditavala delesi langa lakale lofiila. M'kati mwa chimanga ndinali kusintha, kuvala yunifomu, n'kutulukila kukamtsinje moŵelama, kumene anyani sakanandiona. Delesi lija amai anali kulipachika pamtengo, n'kumalisuntha popita kukathyola ndiwo kapena kukatola nkhuni. Kwa anyani ine ndinali mlonda wokhulupilika amene sanajombe ngakhale tsiku limodzi.

Zinayenda choncho milungu ingapo. Amalume anali kudutsa, kuzungulila munda, osapeza phesi ndi limodzi lomwe lothyoka, n'kuchoka akung'ung'udza.

Tsiku lina madzulo, amai akuvula buluku lija, ndinaona mwendo wawo. Chingwe chinali chitadya khungu kuzungulila kakolo, pali chilonda chofiila, mwendo utatupa mpaka kuphazi. Anali atakulungapo kansanza, kansanzako katamatilila. Mtima wanga unaŵaŵa. Ndinati, "Amai, mwendowu?" Iwo anati, "Mwendo ndi wanga. Iwe nyamula mtsukowo."

Lolemba ndinalowa nawo m'munda monga mwa masiku onse, ndinavala yunifomu, ndinatulukila kukamtsinje. Koma sindinapite kusukulu. Ndinazungulila kungodya ya munda yoyandikana ndi phili, ndinabisala pansi pa mtengo wa msekese ndi mulu wa miyala. Nyani akangoyandikila, ine mwala phaa! Ndinati ndikatelo amai sakoka mwendo kawilikawili, chilonda chipola. Madzulo ndinali kubwela ndi nkhani zabodza za kusukulu. Za kaundula ndinazikumbuka, koma ndinadzinamiza kuti ahedi sangachite zimenezo kwa ine, popeza ndinali wanzelu m'kalasi. Uchitsilu wa mwana! Ndinachita zimenezi Lolemba, Lachiwili, Lachitatu, Lachinayi.

Lachisanu, mame atangouma, ndinamva mapesi akuswanyika kumbuyo kwanga. Ndinatola mwala. Anali amai.

"Ndinadabwa," anatelo amai, mawu ali pansipansi. "Masiku anayi anyani osayesa ngodya ino. Ndinati kodi atembenuka mtima? Lelo n'lachingati?"

"Lachisanu, amai."

"Kusukulu unapita liti?"

Ndinangoyang'ana pansi. Ndinayamba kunena za mwendo, misozi ili chuchuchu. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anaŵelama, namasula chingwe pakakolo, nachitaya pansi.

"Tiye."

"Nanga munda, amai?"

"Ndati tiye."

Amai anga sanayendepo chimanjamanja. Popita kutchalitchi anali kusenda nshawa m'njila, pochokela kumalilo anali kubwela ndi nkhuni. Tsiku limenelo anasiya mphale mumtondo, mphika pamoto, nkhuku ndi anapiye ake, nayenda ndi mwana kumbuyo basi, manja ali lende. Anali kutsimphina, koma ine ndinali kuthamanga kuti ndiwapeze. Tisanaoloke kamtsinje ndinamva nyani wamkulu akukhosomola kuphili, kuitana anzake. Amai anamvanso. Sanacheuke.

Tinadutsa pakati pa mudzi iwo ali m'buluku la atate ndi chisoti. Azimai a pachitsime anasiya kutunga. Wina anakuwa, "Mayo ine! Kodi mwapenga, anzathu?" Amai anangoti, "Mwaswela bwanji," osachepetsa liŵilo. Ine manyazi anandigwila mpaka m'mafupa, koma pamodzi ndi manyaziwo ndinali ndi mantha a mtundu wina, onga amene umamva mtsinje ukadzaza. Sindinadziwe kuti munthu amene anandibala ndi wotele.

Tinafika pasukulu dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Ana anadzaza m'mawindo. Ahedi anatuluka ndi kaundula m'khwapa, nayang'ana amai kuyambila kuchisoti mpaka kuphazi lotupa lija. Amai anagwada pafumbi.

"Bambo, mwana uyu wajomba masiku anayi. Lachisanu ndi lino, ndabwela naye. Sabata sinakwane."

"Amai, belu linalila kalekale," anatelo ahedi. "Mwanayu anali kuti?"

"Anali kulinda anyani. Sindinamutume ndine, ndipo sadzalindanso."

"Nanga pamene muli kuno, kumunda mwasiya ndani?"

"Palibe, bambo."

Ahedi nawonso anali mwana wa mlimi. Anatsegula kaundula, nachonga dzina langa. Anandiuza kuti ndiloŵe. Amai anaomba m'manja, nanyamuka, nauyamba ulendo wobwelela ndi mwendo womwe uja.

Zimene tinaphunzila tsiku limenelo musandifunse. Titaweluka ndinathamanga njila yonse. Ndinapeza mbali yonse ya kuphili itagwa pansi. Nyani sadya mwaulemu: amathyola chimanga, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Mtondo unali utagubuduzika, mphale ili mbwee m'dothi, anapiye atatsala awili. Amai anali kutola zimanga zolumidwa n'kumaika m'lichelo. Amalume anali ataima pachulu, manja m'chiuno.

"Ndinanena ine," anatelo amalume. "Ndinanena kapena sindinanene? Kuyambila mawa mtsikanayu akhala pano."

Amai anaŵelamuka pang'onopang'ono. Sindinawamvepo akuyankha alongo awo mokweza, ndipo ngakhale tsiku limenelo sanakweze mawu.

"Achimwene, munanena zoona, ndipo anyani alowa. Koma chimangachi mvula ikagwa ndidzabzala china. Nanga uyu ndidzamubzalanso liti? Njala ya chaka chino ikhala yanga. Pakhomo panu sindidzabwela ndi mbale."

Amalume anayang'ana munda, anayang'ana mwendo wa mlongo wawo, analavula malovu pambali, nachoka. Sanavomele, koma sanabwelenso ndi nkhaniyo. Lolemba ndinapita kusukulu, ndipo amai anamanga chingwe kumwendo wamanzele.

Nkhokwe yathu chaka chimenecho inatha Khilisimasi isanafike. Amai anali kulima munda wathu m'mamawa, masana n'kupita kukapalila kwa anthu kuti awapatse ufa wa m'kambale. Madzulo anali kuphika, kundigaŵila ine ndi mlongo wanga, iwo n'kukhala pambali akusoka kapena akusankha mbewu. Ndikati, "Amai, bwelani tidye," anali kuyankha kuti, "Ine ndadya kale uku ndikupalila. Ukuganiza ndili ndi nthawi yokhala pansi ngati iwe?"

Ndinali kuwakhulupilila. Munthu amene anali kusinja, kulinda, kulela ndi kundiphunzitsa pa nthawi imodzi, akanalephela bwanji kudya akupalila? Ndinali kumaliza mbale yonse, n'kunyambita ndi zala zomwe. Ndinadzamva ndili wamkulu, kwa mai wina amene anali kupalila nawo limodzi, kuti kuminda kuja kunalibe chakudya cha olima. Ufa umene amai anali kubwela nawo unali wokhawo, ndipo wonse unali kuthela m'mbale yathu.