Njala ya Aukje Imabwera Faifi Koloko

Ine ntchito yanga ndi yotsuka mbale. Ndatsuka mbale kunyumba yosamalira okalamba ya m'tauni yathu ino kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo za luso la wophika musandiuze ndi pakamwa ayi, mungondisiya ndione mbale zikamabwerera. Za Aukje Veenstra zinkabwera ngati wanyambita galu.

Aukje ndi mnzanga wa kusukulu. Aphunzitsi ankamukhazika kutsogolo kwenikweni, koma iye maso ali pazenera, kuwerenga ng'ombe za kutsidya kwa ngalande. Atakula anagwirako kufakitale ya tchizi, kusitolo ya maluwa, ngakhalenso ntchito yogawa makalata. Konseko ankamukonda, ndipo konseko anamuchotsa. Makiyi a njinga yake tinawapeza mufiriji kawiri, ine ndikuona ndi maso angawa. Kukhitchini kwathu kokha ndi kumene anakhalitsa, chifukwa cha lilime lake. Sankayeza kanthu mayi ameneyu. Ankaphika ndi njala, kulawa, kuthira, kulawanso, mpaka mimba yake itavomera.

Chaka chatha anasiya mafuta pamoto n'kupita kukayankha foni. Pobwerera anakumana ndi gogo wina amene anataya magalasi, n'kuyamba kuwasaka naye. Belu lochenjeza za moto linalira, ndipo okalamba makumi anayi anatulutsidwa panja mvula ikugwa, ena atangovala masokosi. A Hoekstra, oyang'anira nyumbayi, anamupatsa kalata yoti zikadzachitikanso, ntchito yatha.

Kalata imeneyo ndi imene inamutumiza kwa dokotala. Anadikira miyezi isanu kuti amuyeze, kenako anamuuza, ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, kuti chimene wakhala akulimbana nacho moyo wake wonse chili ndi dzina, ADHD, vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Anamupatsa piritsi limodzi lomwa m'mawa.

Tsiku lachitatu atayamba kumwa ndinamupeza ataima phee, akusenda karoti.

"Wadwala?" ndinamufunsa.

"Tjitske, m'mutu mwangamu munali mawayilesi asanu, onse otsegula. Wina wazimitsa anayi." Anandiyang'ana misozi ili lengelenge. "Kodi anzanganu mumakhala chonchi tsiku lililonse? Ndiye bwanji simunakhale madokotala nonse?"

"Ena tinasankha mbale," ndinatero.

Zinasintha ndithu. Kale ikamakwana thwelofu koloko ankakhala atatheratu, poti mphika umodzi ankaupitira maulendo khumi. Tsopano ankamaliza chimodzi n'kuyamba china, mphamvu n'kumufikitsa madzulo. Mndandanda wa amene sadya mchere, amene sadya shuga ndi amene amafuna zophwanyaphwanya ankautsata osaphonya. Kukamwa kunkamuuma, choncho ankayenda ndi botolo la madzi m'thumba la epuloni, ndipo dzuwa likapendeka mankhwala akamatha m'thupi ankakwiya msanga. Zimenezo tinkapirira.

Chimene sitinachiganizire ndi njala. Piritsi lija linamulanda njala yonse ya masana. Siketi inayamba kumuzungulira m'chiuno. Akalawa chakudya ankati chikungomveka ngati pepala lonyowa, ndiye anayamba kuyeza mchere ndi kasupuni, kutsata buku. Aukje kutsata buku! Ndinamva chisoni.

Lachinayi lililonse nyengo yozizira timaphika supu wa nsawawa, uja wolimba woti supuni iime yokha pakati, wa soseji ndi buledi wakuda pambali. Okalamba athu amadziwa masiku a sabata chifukwa cha supu ameneyu. Mbale zinayamba kubwerera zili theka. A Douwe, amene anayendetsa boti la katundu zaka makumi anayi ndipo pakamwa pawo palibe chotsekera, anandikoka malaya ndikutolera mbale.

"Iwe mwana, ukamuuze mnzakoyo kuti madzi a m'ngalande ndinamwa okwanira ndili pa boti."

Manesi atayeza anthu pasikelo anapeza kuti angapo atsika thupi. A Hoekstra anabwera kukhitchini n'kutseka chitseko. Si munthu woipa, koma amalankhula ngati akuwerenga chikalata. Anati pali kampani ya mumzinda yobweretsa chakudya chophikaphika m'timbale ta pulasitiki, chongotenthetsa, ndipo akomiti ya nyumbayi akumana kumapeto kwa Febuluwale. Ngati anthu apitiriza kusiya chakudya, khitchini itsekedwa.

Aukje anangoti, "Chabwino, abwana." Koma ine ndimamudziwa. Akamwa piritsi khitchini itsekedwa, akasiya adzayatsanso nyumba. Uku kulibe, uku kulibe.

Lachinayi lotsatira ndinamva ndili pakhomo kuti zinthu sizili bwino, chifukwa ankaimba. Makabati onse anali otsegula, mpeni uli pawindo, iye akuvina ndi chipande. Supu ankanunkhira mpaka kumalo oimika njinga.

"Wamwa piritsi lero?"

"Talawa kaye, iwe."

"Ndakufunsa, wamwa?"

Anangondipatsa chipande, ine n'kudziwa kuti sanamwe. Ndinalawa, ndipo kunena zoona anali supu wa Aukje weniweni, woti munthu n'kulira. Tinayamba kupakula. Mbale zisanu ndi imodzi za anthu odwala impso ndi mtima, zimene timaziika chizindikiro chofiira, zinali kale pangolo pamene ndinayang'ana pachitofu n'kuona kuti kamphika kawo kopanda mchere kali mbee, sanakagwire n'komwe. Anali atawapakulira wa mumphika waukulu.

Ndinakalipa tsiku limenelo, sindibisa. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kupha anthu andichenjeze kaye ndipite kwathu. Ndinamuuzanso zina zimene sindingabwereze pano. Tinabweza mbale zija, asanu ndi mmodziwo anadya mbatata ndi nsomba, ndipo palibe anadziwa. Aukje anakhala pakreti ya anyezi manja ali kumutu.

"Ndiye ndisankhe chiyani, Tjitske? Mutu kapena lilime?"

"Sankha kukauza dokotala wako zimene wachita, m'malo modzipangira wekha ngati mwana."

Anapitadi. Dokotala sanamukalipire. Anamuuza kuti azidya kadzutsa wokwanira asanamwe piritsi, anachepetsako mlingo pang'ono, n'kumuuza kuti asamadumphe osamudziwitsa. Thupi linasiya kutsika, koma njala ya masana sinabwerere, ndipo mbale zanga zinkabwerabe ndi zotsala. Febuluwale anali atafika pakati.

Lachiwiri lina anachedwa kuweruka chifukwa galimoto ya masamba inafika mochedwa. Cha m'ma faifi koloko ndinamupeza ataima pafiriji, chitseko chili chotsegula, akudya tchizi ndi manja ngati wathawa kundende. Anamaliza, n'kutenga mbatata zozizira za masana.

"Pang'onopang'ono, mayi, firiji si yako," ndinatero.

"Zimandigwira chonchi tsiku lililonse mankhwala akatha. Ndimafika kunyumba ndikunjenjemera." Analuma mbatata, n'kukwinya nkhope. "Ndani waphika zimenezi? Zilibe mchere, zilibe tsabola, zilibe chilichonse!"

"Waphika ndiwe."

Anasiya kutafuna. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kuyang'ana mbatata ija.

"Tjitske, supu wa nsawawa amayi ako ankaphika liti?"

"Dzulo lake. Wa tsiku lomwelo ndi madzi chabe, aliyense amadziwa."

"Nanga ifeyo timadzukiranji sikisi koloko kuphika wa tsiku lomwelo?"

Zaka zonsezi tinkatero chifukwa tinapeza anthu akutero, basi. M'mawa mwake analowa mu ofesi ya a Hoekstra atanyamula pepala lolembedwa bwinobwino, chinthu chimene Aukje wakale sakanachimaliza. Anapempha kuti azilowa teni koloko n'kuweruka sikisi. Masana, mutu uli m'malo, aziduladula, aziyeza, azipatula miphika ya odwala n'kuilemba maina. Faifi koloko, njala ikabwera, azikoleretsa supu, nyama ndi msuzi wa mawa lake, ine ndili pambali kuyang'anira moto ndi mndandanda. A Hoekstra anafunsa za kuziziritsa chakudya ndi malamulo a ukhondo, iye anali atalemba kale zimenezo. Anamupatsa masabata awiri oti ayesere.

Lachitatu limenelo ndinaima naye pachitofu. Analawa, anathira, analawanso, akung'ung'udza yekha. Kawiri anafuna kuchoka kuti akaone zina, ine ndinamugwira lamba wa epuloni.

Lachinayi masana sanatuluke m'khitchini. Ankapukuta tebulo loyera kale. Ine ndinakankha ngolo kupita kuchipinda chodyera, ndipo pobwerera ndinaima pa sinki n'kuyamba kupala mbale monga mwa nthawi zonse. Panalibe chopala. A Douwe anali atatumiza uthenga woti soseji inachepa, ndipo sabata yamawa asawanyenge.

Ndinatenga ndowa ya zotsala n'kukamuikira patsogolo. Pansi pake panali chikhokho chimodzi cha buledi ndi supuni imene wina anaigwetsamo.

Anayang'anamo nthawi yaitali. Akomiti anali asanakumane, ndipo sitinkadziwa kuti adzanena chiyani, koma tonse awiri tinkadziwa kuwerenga ndowa.

"Zaka makumi asanu ndakhala ndikuganiza kuti ndine wopusa amene amangodziwa kuphika," anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti ndingathe kukhala nazo zonse ziwiri?"

"Ungathe," ndinamuyankha. "Koma chotsa supuniyo m'ndowamo, si ine wantchito wako."