Matikiti pa Sipoko ya Njinga

Usipa wanga unkalipira msonkho katatu usanalowe mumphika wa munthu. Ndikaugula kwathu ku Kande m'mawa, wodula matikiti ankandipeza pomwepo pathandala, dengu ndisanamange n'komwe. Ndikatsika minibasi pa Chintheche n'kuyala, wina uyo watulukira, tikiti yachiwiri. Malonda akavuta, monga amavutira aphunzitsi asanalandire, ndinkapitirira ku Mpamba kukagulitsa wotsala, ndipo kumeneko ankandidulira yachitatu. Usipa womwewo, tsiku lomwelo, boma lomwelo! Ulendo wa ku Mpamba ndi umene unkadyetsa ana anga, koma ndinafika poti ndikabwerako ndatsala ndi fungo lokha m'manja. Ndinatsala pang'ono kuusiya.

Ndiye tsiku lina ndinamva kuti gulu la amalonda a dera lathu likulemba chikalata chopita kwa akuluakulu oona za misonkho, chonena zimene tikufuna zisinthe. Ndinasiyira mnzanga dengu n'kupita kumsonkhanoko. Munadzaza eni mashopu ndi eni malo ogona alendo. Wapampando anali bambo wa shopu ya simenti ndi malata, Mtonga mnzanga, wa tayi pakhosi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anawerenga mfundo zawo: msonkho wa katundu wa m'shopu utsike, layisensi izilipidwa pang'onopang'ono, ngongole zikhale zachiwongoladzanja chochepa. Zabwino ndithu, sindikunyoza. Koma ya ife a madengu munalibe.

Ndinakweza mkono. "Ada, muwonjezepo iyi. Tikiti ikhale imodzi pa tsiku, igwire ntchito m'misika yonse ya boma lino."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ama, pano tikukamba za chambo, inu mukubweretsa za usipa. Komanso umboni uli kuti? Akuluakulu safuna nkhambakamwa, amafuna mapepala."

Anthu anaseka. Ine mtima unatentha moti ndinatuluka osatsanzika. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti pa za umboni bamboyo sananame. Ife tikiti timaimanga kumsonga kwa chitenje, wodula matikiti akapita timataya. Ndani amasunga kapepala konunkha nsomba?

M'mawa mwake ndinapita kwa wokonza njinga za akabaza pa Chintheche, bambo wamakani koma wamtima wabwino, ndi kumupempha sipoko yothyoka. Ndinaipinda kumapeto, n'kuyamba kutunga matikiti anga monga timatungira nsomba pakamtengo. Atatu a tsiku limodzi pamodzi, kenako kausipa kamodzi kouma kolekanitsa tsikulo ndi linzake, poti kulemba madeti ine ndi ulesi. Amayi anzanga anandiseka mpaka misozi. "Iwe, wayamba using'anga? Chithumwa chanji chimenecho?" Ndinkangoti sekani, mano ndi anu. Sabata isanathe, awiri mwa osekawo anayamba kundibweretsera matikiti awo, atamangamanga m'kapulasitiki.

Patatha mwezi ndi masiku, mkulu wina wa ku ofesi anabwera kudzalandira chikalata chija muholo ya tchalitchi. Anali wa kuchigawo chapakati, Chichewa chake chosalala ngati cha pawailesi. Changa ndi cha pamsika, chosakanikirana ndi Chitonga, ndipo ndikapsa mtima chimaterereka. Ndinachita mantha, ndisaname. Wapampando atamaliza kuwerenga n'kuyamba kuthokoza, ndinaimirira osaitanidwa, ndinayenda mpaka kutsogolo, n'kuika sipoko yanga patebulo, pamwamba penipeni pa chikalata chawo chotayipa bwinocho.

Fungo linafika kaye ine ndisanayankhule. Wapampando anagwira mphuno. "Ama, chonde, ulemu!"

"Munati mapepala, ada. Ndi awa mapepala." Kenako ndinatembenukira kwa mlendoyo. "Bwana, ife msonkho sitikukana. Wofuna kuwotha moto amasonkhako chikuni. Koma chikuni chimodzi sichisonkha moto m'nyumba zitatu. Onani nokha."

Mkuluyo sanaseke. Anakoka sipoko ija, n'kuyamba kusuntha matikiti ndi chala imodziimodzi. Atafika pa kausipa koyamba anaima.

"Nanga kansombaka?"

"Pamenepo tsiku latha, bwana. Kuseri kwake ndi mawa."

Anapitiriza. Atatu, kausipa. Atatu, kausipa. Anandifunsa ngati dengu linali limodzi masiku onsewo, ndinati limodzi lomweli, ndipo amayi awiri aja anayankhira kumbuyo kuti eya, nafenso n'chimodzimodzi. Ndiye anafunsa wapampando kuti mfundo imeneyi ili pa nambala yanji m'chikalata. Bambo uja anakonza tayi, n'kukonzanso. Anati inatsalira potayipa. Ha, potayipa! Ndinaluma lilime kuti ndisawononge zinthu zitayamba kale kupsa.

Wapampandoyo anailemba mfundoyo ndi bolopeni pansi pa mfundo zonse, ine nditaima pambali pake, ndikumuuza mawu ake: tikiti imodzi, tsiku limodzi, misika yonse. Atamaliza ndinamuuza awerenge mokweza, poti Chingerezi cha bolopeni sindichikhulupirira. Anawerenga, n'kumasulira yekha m'Chitonga, nkhope ili gwa.

Mkuluyo sanalonjeze kanthu. Anati zoterezi zimadutsa m'misonkhano yambiri, ndipo iye si womaliza. Nditatambasula dzanja kuti nditenge sipoko yanga, anaiphimba ndi chikhatho. Anati imeneyi ipita limodzi ndi chikalata, n'kuikulunga m'nyuzipepala, tiusipa tonse tili pomwepo. Ndinaganiza za ofesi imene akaitsegulireyo, ndipo ndinaseka ndekha njira yonse ya ku Kande.

Yankho mpaka lero silinabwere. Matikiti akadali atatu, ndipo ku Mpamba sindinasiye, ngakhale masiku ena ndimabwerako ndi fungo lokha m'manja. Tsiku lotsatira msonkhano wa muholo uja ndinabwerera kwa wokonza njinga.

"Inanso, ama? Yoyamba ija mwadya?"

"Yapita kusukulu, kwa mabwana a misonkho," ndinatero. "Ndipatseni ina. Ndipo mukathyola zina musataye, kuli amayi asanu ndi mmodzi akufuna zawo."