Kaketulo ka Mtaliyana

Pamwamba pa firiji, m'fulati yathu ya ku Walsall, ku England, pankakhala kaketulo kachitsulo ka ngodya zisanu ndi zitatu, kopyapyala m'chiuno, chogwirira chake chitasungunuka mbali imodzi. Kanali kophikira khofi, koma ife tinali anthu a tiyi, ndipo panalibe wodziwa kukagwiritsa ntchito. Ukatsegula chivundikiro munkatuluka kafungo kowawa kakalekale. Amayi ankakapukuta Loweruka lililonse, chifukwa ndi kokhako kamene bambo awo anawasiyira.

Bambo awowo anali Mtaliyana, mmisiri womanga amene anagwirapo ntchito ku Balaka. Anakwatira agogo pamaso pa ankhoswe, popanda pepala lililonse, n'kubereka ana awiri, malume ndi amayi. Amayi ali ndi zaka zitatu, mkuluyo anabwerera kwawo osacheukanso.

Nyengo imene ndikunena ndi yotentha ya chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi. Nyumba yosamalira okalamba kumene amayi ankagwira ntchito inali pafupi kutsekedwa, ndipo viza yawo inkatha mu Okutobala. Masiku amenewo munthu wa pasipoti ya Italiya ankakhala muno mopanda womufunsa. Malume anali nayo. Ankakhala ku Dudley, akuyendetsa basi, ndipo zaka zinayi m'mbuyomo anali atapita ku Italiya n'kuwapeza bambo awo ali moyo.

Lamulo lopezera pasipotiyo amayi analiloweza ngati vesi la pamtima. Magazi paokha sakwanira. Mwana wobadwa m'banja losalembetsa ku boma ayenera kuvomerezedwa ndi bambo ake, bamboyo asaine yekha pamaso pa akuluakulu a boma kuti uyu ndi wanga. Malume, bambo awowo anali atawasainira kale. Kwa amayi kunangotsala siginecha imodzi ya nkhalamba imene inali idakapuma.

Mwina mukufunsa kuti bwanji amayi sanangolemba kalata okha. Inenso ndakhala ndikufunsa, nthawi zina mokalipa. Kwathu nkhani za mbumba zimadzera kwa mlongo wamwamuna. Mkazi sadumpha mwinimbumba n'kukagogoda yekha pakhomo pa anthu achilendo. Amayi ankatha kutsutsana ndi dokotala m'Chingerezi osaphethira, koma adiresi ya bambo awo omwe sankatha kuipempha kawiri.

Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkakwera basi kupita ku Dudley. Ndimakumbukira mipando yotentha yomata m'ntchafu, fungo la viniga wa tchipisi, ndi envelopu ya khaki pamiyendo pa amayi, m'mene munali kalata yawo ya ubatizo ndi chithunzi cha mzungu wovala kabudula atanyamula khanda. Malume ankatilandira ndi manja awiri. Nkhani ikafika pa siginecha ankatsitsa mawu.

"Chemwali, ndisiyireni ine. Mdala uja ali weak, ndiye mkazi wake ndi wovuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Chabwino, achimwene," ankatero amayi, n'kubweza envelopu m'chikwama.

Ine ndinali nditasamukira kale ku Italiya mumtima. Mphunzitsi wathu, mayi amene makolo ake anachokera komweko, anandibwereka kabuku ka zithunzi, ndipo ndinkapereka moni wa Chitaliyana kwa aliyense, ngakhale kwa galu wa aneba. Anzanga ndinawauza kuti agogo anga ali ndi munda wa mphesa. Apo pokha sindinaname, ngakhale ndinkayesa ndikunama.

Mu Juni malume anasowa sabata yathunthu. Anati anali ku maphunziro a kuntchito. Anabwerako atapsa ndi dzuwa, atandigulira chipewa chamlaza chokhala ndi riboni yofiira. Ndinachivala nyengo yonseyo, ngakhale tsiku la mvula. Maphunziro a madalaivala a basi ogulitsako zipewa zotere sindinawamvenso mpaka lero.

Ogasiti atalowa, amayi anachita chinthu chimene kwa iwo chinali ngati kuba. Anapempha mphunzitsi uja kuti awalembere kalata m'Chitaliyana yopita ku ofesi ya boma ya m'tauni ya bambo awo, dzina la tauniyo atalitenga kuseri kwa chithunzi chija. Tikupita kukaponya anandiuza kuti ndisakatchule kwa malume.

Yankho linafika sukulu zitangotsegulidwa. Mphunzitsi anabwera kunyumba masana, nakhala pa tebulo la kukhitchini. Windo linali lotsegula, panja galimoto ya ayisikilimu ikuimba kanyimbo kake. Anawerenga chamumtima kaye, kenako anavula magalasi. Anati mkuluyo anamwalira mu Juni. Anati m'kaundula muli mwana mmodzi yekha wa ku Malawi wovomerezedwa, wamwamuna. Anatinso njira ya kukhoti ilipo, koma imatenga zaka. Ife tinali ndi masabata asanu.

Amayi sanalire. Anafunsa kuti Juni wake tsiku liti, mphunzitsi nawauza. Kenako anayang'ana chipewa chimene chinali pamutu panga.

"Vula icho."

"Why, Mum?"

"Ndati vula."

Zina ndinazidziwa nditakula. Mwana wovomerezedwa amalandira gawo la chuma cha bambo ake, ndipo kunali kanyumba ndi kamunda ka mphesa kaja. Malume anaona kuti akakhala awiri gawo lichepa. Nkhalambayo akuti inkafunsa za mwana wake wamkazi, iwo n'kumayankha kuti ali kumudzi, sadziwa kulemba, za mapepala alibe nazo ntchito. Ananena zimenezo za mlongo wawo amene ankakhala mtunda wa basi imodzi kuchokera pakhomo pawo. Amati chibale ndi fupa sichiwola. Ine ndinaona chikuwola, ndipo mpaka pano sindinawakhululukire.

Tinabwerera ku Malawi mu Okutobala. Muno ndinadzabweranso ndili mayi wa ana, pa viza yosamalira okalamba ngati ya amayi, ndipo basi ya ku Dudley ndimaikwera ndikapanikizika basi.

Lamlungu lomaliza tisananyamuke kubwerera ku Malawi kuja, ine ndi amayi tinapita kwa malume. Envelopu ija amayi anaisiya. Anakulunga kaketulo m'nyuzipepala n'kundipatsa kuti ndinyamule. Malume atatsegula chitseko anayamba kudziwiringula zoti anaona kuti nthawi ya siginecha ija inali isanakwane, koma amayi sanalowe, sanawapatsenso moni.

"Apatse," anatero.

Ndinapereka ndi manja awiri, nditapinda maondo monga anandiphunzitsira. Malume anafunyulula nyuzipepala, nakaona, n'kuyamba kulira. Ine ndinanyadira. Ndinkati tawapatsa mphatso yotsanzikira yoposa zonse, chinthu chokhacho chamtengo chimene tinali nacho, ndipo akulira chifukwa adzatisowa. Ndinaima pakhomopo kudikira zikomo, mpaka amayi anandikoka dzanja. M'basi ndinawafunsa ngati tikadzabweranso malume adzatibwereka kaketuloko. Anangoyang'ana pawindo. Sindinkadziwa kuti m'manja mwangamo amayi anali atabweza bambo ndi mlongo tsiku limodzi.