Ndinatengera Akazi Anga ku Tete mu Okutobala

Inu owerenga, ine si munthu wopepesapepesa. Kwathu kuno kufupi ndi Mphunzi aliyense akudziwa kuti ndikayankhula pamsika wa Mayani, ngakhale wogulitsa tomato kumapeto kwa mzere amatembenuka. Koma lero ndabwera kudzadziulula ndekha. Ndili ndi imvi m'mutu, ndinatenga akazi anga, aNambewe, kupita nawo kukaona mzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala. Ndikakumbukira ulendo umenewo, mpaka lero manyazi amandigwira.

Mwana wathu wamkazi, Sitela, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Angonia, kuseri kwa malireku, dzina lake Jowakimu. Mnyamatayu amakonza malole ku Tete ndipo banja lawo lili komweko. Chaka chimenecho maso a aNambewe anali atayamba kuzima. Achipatala anatiuza mosabisa kuti matenda ake ndi aja osabwerera m'mbuyo, mankhwala odonthezawo ndi ongochedwetsa. Mayiwa moyo wawo wonse sanayendepo kupitirira pa Dedza boma ndi kuchipatala ku Lilongwe. Ankangomva kwa mwana wawo kuti ku Tete kuli mtsinje wa Zambezi, waukulu woti munthu wa tsidya lina amaoneka ngati nyerere, ndi mlatho wolendewera pa zingwe zachitsulo. Chimene ankapempha chinali chimodzi basi: akaone mtsinjewo ndi mlathowo maso asanatseke.

Titangomaliza kukolola, mkamwini anaimba foni. Anati tibwere mu Juni kapena mu Julaye, chifukwa imeneyo ndiye nthawi yoti mlendo n'kuyenda mumzindawo. Anati tikachedwa, dzuwa lakumeneko si lamasewera.

Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Juni? Inu amene mumaidziwa Dedza, tandiuzani, ndani amayenda ulendo mu Juni? Mwezi woti chifunga chimaphimba phiri mpaka masana, madzi a m'ndowa amabaya zala ngati singano, nkhalamba mawondo amauma gwa! Kwathu mwezi wabwino ndi Okutobala. Munthu amasamba osatenthetsa madzi, amakhala pakhonde atavala malaya okha, misewu ndi youma, kachewere wakudimba wagulitsidwa. Ndiye ine ndiuzidwe za nyengo ndi mwana amene ndinamuona akubwera kudzafunsira mbeta? Ndinamuyankha kuti dzuwa ndi limodzi, Mulungu sanalenge awiri.

ANambewe anangoti, "Bambo a Sitela, maso angawa sakudikira." Ine ndinawauza kuti asandipanikize, Okutobala si chaka chamawa. Miyezi inadutsa ife tili phee pakhomo, maso aja akunkabe nachepa mphamvu.

Tsiku lonyamuka ndinavala monga mwamuna wopita kwa mkamwini wake ayenera kuvalira: suti yanga yakuda yaubweya imene ndimapita nayo kutchalitchi, tayi, masokosi, nsapato zachikopa. ANambewe ndinawauza avale juzi pamwamba pa diresi, zitenje ziwiri ndi duku, kuti anthu am'tauni asatione ngati amphawi. Tinanyamula thumba la kachewere, makabichi, ndi mwendo wa nkhumba imene ndinapha dzulo lake. Kwathu nyama timaipachika padenga masiku angapo osasintha fungo. Ndinaikulunga m'jumbo n'kumanga bwinobwino.

Titawoloka malire pa Dedza mpaka kukafika ku Ulongwe, mphepo inali ngati yakwathu. Ndinagunda aNambewe ndi chigongono n'kuwafunsa kuti dzuwa loopsa lija lili kuti. Koma msewu utayamba kutsetsereka, mitengo yakwathu inatha, kunayamba kuoneka malambe ndi minga yokhayokha. Mphepo yolowa pawindo inasanduka ngati yotuluka mu uvuni wa njerwa. Mu minibasi tinali titapanikizana, thukuta la munthu wina likuyenderera pa mkono wako, lako likuyenderera pa wina. Kenako kunayamba kafungo. Anthu anayamba kuyang'anana, mayi wina anatseka mphuno ndi chitenje. Ine ndinakweza mawu kudzudzula kuti anthu ena sasamba. Sindinadziwe kuti fungolo likuchokera pansi pa mpando wanga.

Ana athu amakhala tsidya lino la mtsinje, usanafike pamlatho. Titafika, ndinapereka mphatso ndi manja awiri, monyadira. Sitela atamasula jumbo ija, tonse tinalumpha. Nyama inali itabiriwira, ikutuluka madzi oterera, ntchentche zobiriwira zinafika ngati zachita kuitanidwa. Makabichi anali atafota ngati nsanza. Jowakimu ananyamula jumbo ija. Anatenga khasu n'kukakwirira mwendo wa nkhumba uja kuseri kwa nyumba. Imeneyo ndiyo mphatso imene ine, mwamuna wamkulu, ndinapititsa kwa mkamwini.

Inu owerenga, kutentha kwa kumeneko sindingakufotokoze mokwanira. Khoma ukaligwira likutentha. Mpando ukutentha. Madzi a pampopi amatuluka ofunda ngati mkodzo wa ng'ombe, ukamwa ludzu limangowonjezeka. Fani imangokuponyera mpweya wotentha womwewo kumaso. M'khosi mwanga munatuluka tizilonda toyabwa, mapazi anatupa mu nsapato, ndipo nditavula masokosi ndinadzinyansa ndekha. Koma jekete sindinavule. Ndivule jekete pamaso pa mkamwini? Sitela anandichonderera, ine ndinamukalipira kuti ulemu wa kwathu wauiwala.

Jowakimu anatiuza kuti tipume kaye m'nyumba mpaka Lamulungu. Anati adzabwereka galimoto, tidzanyamuke mbandakucha kukadali kozizirirapo, amayi akaone mtsinje dzuwa lisanakwere. Ine zimenezo zinandipsetsa mtima. Ndayenda mtunda wonsewu kudzafungatira mazira m'nyumba ngati nkhuku? Ndiponso ndinkaganiza kuti munthu wa maso ofooka amafunika kuwala kwambiri, ndiye nthawi yabwino ndi masana dzuwa lili paliwombo. Nzeru zanga zinali zimenezo.

M'mawa mwake mkamwini anapita kuntchito, Sitela anapita ndi mwana wake wakhanda kusikelo. Titadya, ndinawauza aNambewe kuti avale tizipita, mlatho si patali, ndinaona nsonga zake dzulo. Anazengereza, koma mayiwa sananditsutsepo chikwatiraneni. Anavala juzi yawo ija. Ndinawagwira dzanja, tinauyamba wapansi.

Mumsewu munalibe anthu. Eni mzinda anali atabisala, ngakhale agalu anali atagona pansi pa malole malilime ali panja. Chitsiru chokha ndi chimene chinkayenda, chitavala suti. Phula linali litafewa, likumata ku nsapato. M'ngalande munkatuluka fungo la madzi oola, pafupi ndi msika panali mulu wa zinyalala ndi mamba a nsomba zikufuka nthunzi. Ndinalavula mpaka malovu anandithera. Kumwamba kunali kotuwa ndi fumbi ndi utsi, kuwala kwake kobaya m'maso. ANambewe anaphimba nkhope ndi chitenje n'kunena kuti sakuona kanthu, zonse zangoyera mbuu. Anapempha kuti tikhale pamthunzi. Ine ndinawakoka dzanja, ndikuti limbani mtima, tafika kale, zitsulo za mlatho ndi izo.

Sitinafike. Dzanja lawo linali louma ndi lotentha, thukuta litasiya kutuluka. Anayamba kuyankhula zosamveka, kuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Kenako anangoti khu! paphula lotentha lija, mkono mpaka kusupuka.

Amene anatithandiza ndi amayi ogulitsa madzi pansi pa mtengo. Anathamanga, anawanyamulira pamthunzi, anawavula juzi ndi zitenje pamaso pa anthu, n'kuwakhuthulira madzi thupi lonse. Mkazi wanga, amene sanaonetsepo ngakhale bondo pagulu, ali gone pafumbi diresi itamatirira thupi. Mayi mmodzi wonenepa ananditembenukira. Chiyankhulo chawo chimafanana ndi chathu, ndiye ndinamva bwinobwino: "Agogo, mkaziyu munatopa naye? Mwamuveka bulangete kuti akapsere panjira?" Anthu ena anaseka. Jekete ija ndinaivula pomwepo popanda wondiuza, n'kuyamba kuwakupiza nayo.

Mwini galimoto ina yapikapu anatitengera kuchipatala, chimene chili tsidya linalo. Choncho mlatho uja aNambewe anauwoloka ndithu, koma atakomoka, mutu uli pamiyendo panga. Anawaika madiripu. Dokotala anauza Jowakimu kuti tikanachedwa pang'ono tikanabwerera ndi maliro, ndipo anati akangopeza mphamvu tiwabwezere kwawo kozizira. Mkamwini sanandinyoze ngakhale ndi liwu limodzi. Bola akanandituka. Sitela ndiye sanandiyang'ane kumaso mpaka tsiku lonyamuka.

Pobwerera tinadutsanso pamlathopo. Jowakimu anayendetsa galimoto yobwereka ija pang'onopang'ono, nati amayi adzuke aone. Tinawadzutsa, tinachotsa kansalu konyowa kumaso kwawo. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, misozi ikutuluka chifukwa cha kuwala. Anafunsa kuti madziwo ali mbali iti. Madzi anali mbali zonse ziwiri.

Juni wotsatira mkamwini anaimbanso, nati kwazizira tsopano, kumwamba kwayera, mtsinje ukuoneka mpaka kutali, tibwere. Koma nthawi imeneyo aNambewe sankathanso kusiyanitsa nkhope yanga ndi chitseko. Anangoti, "Ndikaone chiyani?" Masiku ano anzawo akumpingo akabwera kudzacheza n'kuwafunsa kuti kodi Zambezi ndi wamkulu bwanji, iwo amayankha mofatsa kuti, "Afunseni bambo a Sitela, ndi amene amadziwa nyengo."

Ndiye inu owerenga, makamaka anzanga a kumapiri kuno amene tinakulira m'majuzi, mverani. Mwezi umene uli wabwino kwanu si wabwino kulikonse. Mukafuna kukaona mzinda wa kumalo otentha, kaya ndi Tete, kaya ndi kuchigwa kwina kulikonse, pitani nthawi yozizira, Juni kapena Julaye, pamene kwanu mukunjenjemera. Yendani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, masana khalani pamthunzi monga eni ake amachitira. Valani zopepuka, imwani madzi, nyama yaiwisi isiyeni kwanu. Ndipo mwini dera akakuuzani mwezi woti mubwere, mumvereni ngakhale ali mwana wobadwa dzulo, ngakhale ali mkamwini. Makamaka ngati pali wina amene akuudikira ulendowo thupi likutha, musamuuze kuti adikire. Zambezi akadali pomwepo ndipo adzakhalapobe ife tonse titapita. Amene sanadikire ndi maso a aNambewe.