Ndinasainira Kuwala kwa Malata

Ntchito ya matelefoni ndaigwira mpaka imvi. Ndinayamba ndi kuzika mapolo, kenako ndinakhala injiniya, pambuyo pake ndinalowa mu ofesi yoyang'anira makampani a mafoni, ndipo lero ndimangopereka malangizo kwa amene afuna. M'zaka zonsezi palibe malo amene anandichititsa manyazi ngati Phalombe, komanso palibe kumene mtima wanga unakhala pansi ngati kumeneko.

Inali nthawi imene mafoni a m'manja ankayamba kufika kumidzi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kampani yathu inafuna kumanga nsanja kwa Nazombe, yoti izilumikizana ndi nsanja ina imene inalipo kale kwa Kaduya. Pa nsanja iliyonse pamakhala dishi, ndipo madishi awiriwo ayenera kuonana maso ndi maso. Pakati pakatchinga phiri, basi, foni siilira. Ife pakati pathu panali Michesi, koma mapu ankasonyeza kuti tidutsa m'mbali mwake.

Mapu paokha sitinkawakhulupirira. Tisanamange, munthu mmodzi ankapita ku malo atsopanowo ndi galasi lalikulu lodziyang'anira, wina n'kukwera nsanja yakale ndi magalasi oonera patali. Wagalasi uja ankaloza kuwala kwa dzuwa kwa mnzakeyo, kuthwanimitsa katatu, kupuma, kuthwanimitsanso katatu. Ukaona zimenezo ndiye kuti njira ilipo, umasaina.

Amene anapita ndi galasi kwa Nazombe anali bambo wachikulire, Mlomwe wa komweko, amene anayamba kukwera nsanja ine ndisanamalize pulayimale. Tonse tinkangowatchula kuti madala. Tinapangana teni koloko, ine ndinakwera nsanja ya kwa Kaduya. Linali Lachisanu, galimoto yobwerera ku Blantyre inkanyamuka masana, ndipo mawa lake kunali chinkhoswe changa. Thupi linali pa nsanja, mutu unali kale kuchikazi.

Teni itangokwana, ndinaona kuwala mbali imene ndinkayembekezera, kowala bwino ndithu. Sikunathwanime, kunangoti mbee. Ndinati m'mtima, madala atopa, angoligwira galasilo chilili. Ndinatsika n'kusaina.

Titakumana pa boma masana, madala anati, "Bwana, njinga inaphulika tayala panjira. Ndafika uko cha m'ma leveni."

"Wotchi yanuyo ndi ya nthawi ya atsamunda, madala," ndinatero ndikuseka. "Ine ndakuonani teni koloko."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi yawo. "Ehe? Chabwino, bwana."

Patapita miyezi, nsanja ya kwa Nazombe inatha, yaitali, yopaka utoto wofiira ndi woyera. Anthu ogulitsa nandolo ndi fodya anali atagula kale mafoni, akungodikira. Tinamangirira madishi, kuyatsa makina, zii. Madala anatha masiku atatu m'mwamba akutembenuza dishi ya kwa Kaduya pang'onopang'ono, uku ndi uku, dzuwa la Okutobala likuwaswa mutu. Palibe chinatuluka.

Mabwana ku Blantyre anapeza msanga woti amunene. Anati mkuluyo maso anatha, sangathenso kulozetsa dishi, mwezi ukatha apite. Kalata inalembedwa, inkangodikira siginecha yanga. Ndisabise, nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo tsiku lachitatu ndinawakalipira madala, munthu wa msinkhu wa bambo anga, pamaso pa dalaivala.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinati ndikwere nawo, ndikawaonetse mmene ntchito imagwiridwira. Tili m'mwambamo, malamba atatimanga ku zitsulo, nthawi inakwana teni. Kuwala kuja kunatulukira, pamalo pomwe paja, mbee. Ndinatembenuka. Madala anali pambali panga, m'manja muli sipanala. Kwa Nazombe kunalibe aliyense wogwira galasi.

Ndinaika magalasi oonera patali m'maso, nthawi ino modekha. Pa kamtunda kotsetsereka kuchokera ku Michesi panali kanyumba kofolera malata atsopano, kamtanda pamwamba. Nsanja yathu yatsopano inali kuseri kwa kamtundako, yosaoneka ngakhale pang'ono.

"Tchalitchi chimenecho anafolera chaka chatha," anatero madala. "Alamu anga amapemphera pomwepo."

Ndinatsitsa magalasi aja. "Ndiye kuti munkadziwa?"

"Ndinakuuzani tsiku lomwe lija, bwana."

"Nanga bwanji osawauza akuluakulu pamene anayamba kukunenani?"

"Iii, ndikakuneneni inu kwa azibwana anu? Mwana woti wangokwatira kumene?"

Ndinasowa poyang'ana, ndipo pa nsanja palibe kothawira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu anatero, koma ine ndinamangitsa nsanja yathunthu chifukwa cholephera kudikira mphindi zisanu.

Madala sanandisiye ndikunyowa ndi manyazi nthawi yaitali. Anati kamtundako amakadziwa, akazi awo amakatolako nkhuni, ndipo si kakatali kwenikweni. Madishi tinawamanga pakatikati pa nsanja monga ndinalembera ine. Anati tiyese galasi kachiwiri, koma aliyense akwere mpaka pansonga.

Mawa lake iwo anakwera ya kwa Nazombe, ine ya kwa Kaduya, mpaka pamene chitsulo chimathera ndipo mphepo imakugwedeza ngati uli mu mtengo wa bulugamu. Teni inakwana, tchalitchi chinawala, ndinachinyalanyaza. Kunali utsi wa moto wolusa m'phiri, maso ankandilasa. Ndinadikira. Kenako, pamwamba pang'ono pa kamtunda kaja, kanthu kakang'ono kanati thwani, thwani, thwani. Kanazima. Thwani, thwani, thwani. Ndinakuwa ndekha m'mwambamo, amayi amene ankadutsa m'munsi ndi mitolo ya nkhuni anaima n'kuyang'ana kumwamba. Sindinasangalalepo choncho pa ntchito, ngakhale tsiku limene anandikweza udindo.

Nsanja inapulumuka, koma madala anali asanapulumuke. Nditaimbira ku Blantyre kuti madishi akwezedwe, anati zili bwino, atumiza gulu lina lidzachite, mkuluyo apitebe. Apa satana anandinong'oneza: ukangokhala chete, adzati unakonza ndiwe zimene nkhalamba inalephera. Ndinayenda nawo maganizo amenewo msewu wonse wafumbi mpaka ku Limbe, ndipo sindinama, ankandikoma.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinalowa mu ofesi ya bwana wamkulu n'kufotokoza zonse, za chinkhoswe, za wotchi, za malata. Anandilalatira mpaka masekilitale anasiya kutaipa. Anandipatsa kalata yochenjeza, imene inakhala m'faelo yanga zaka zambiri. Yochotsa madala ntchito ija anaing'amba ine ndikuona.

Loweruka ndinapita kwawo, m'munsi mwa Michesi, galimoto kuisiya pamsewu n'kumaliza wapansi. Ndinawapeza pakhonde ndi akazi awo. Mphekesera ya kalata ija anali ataimva kwa dalaivala. Pa mpando panali ovololo yawo, yochapidwa, yositidwa, yopindidwa bwinobwino, pamwamba pake lamba wokwerera ndi chipewa cholimba, zonse zomangidwa ndi chingwe. Anali atakonzeka kukabweza katundu wa kampani Lolemba.

"Madala, ndinakawauza zoona," ndinatero. "Ntchito yanu ilipo. Ndikhululukireni."

Mayi aja anagwira pakamwa, misozi ikutsika. Madala anafunsa, "Nanga yanu, bwana?"

"Yanganso ilipo."

Apo m'pamene anapuma mpweya wautali. Anakokera mpando uja pafupi n'kuyamba kumasula chingwe.