Mfundo ya waya m'denga la udzu

Nditagula sola ku Mitundu, zisangalalo za matipate zitangoyamba kumene, mkamwini wanga wodziwa zamagetsi wa ku Nathenje anati, "Bambo, musalumikize ndisanabwere."

Ine kulamulidwa ndi mkamwini pakhomo panga? Ndinalumikiza ndekha. Waya ataperewera ndinawonjezera wa wailesi yakale, n'kukulunga pamfundopo ndi pepala la shuga. Mfundoyo ndinaibisa m'denga la udzu, pamwamba pa chipinda chomwe timasungiramo fodya.

Mkamwini uja atabwera anafunsa, "Wayayu simunalumikize penapake?"

"Ukundiyesa mwana?" ndinamukalipira, iye n'kupepesa.

Tsopano dzuwa likafika pamutu, m'nyumba mumanunkha pulasitiki wopsa. Akazi anga akafunsa, ndimati anthu akuwotcha zinyalala. Dzulo ndinapeza akazi angawo ataika ndowa ziwiri zamadzi pakhomo la chipinda cha fodya.